Esha ndi Madzi Onunkha a Pansi pa Nyanja

Esha anali ndi zaka zisanu ndi zitatu. Kwawo kunali pafupi ndi nyanja, ku Salima. Esha ankakonda kusambira. Koma kwa masiku anayi sanasambire.

Kunja kunali mwera. Mwera unawomba Lachiwiri. Unawomba Lachitatu. Unawomba Lachinayi. Unawombanso Lachisanu. Mafunde anali aakuluakulu. Asodzi anakokera mabwato awo kumtunda.

Esha anakhala pakhomo. Anathandiza amayi ake ntchito. Amayi ake ankanyika nsalu mu utoto. Anthu ankabwera ndi nsalu zoyera. Ankabwerera ndi nsalu zofiira, zabuluu ndi zachikasu. Esha ankafinya nsaluzo. Manja ake anafiira psuu.

Loweruka m'mawa mphepo inaleka.

"Amayi, kwachita bata!" anatero Esha. "Ndikasambire?"

"Pita, koma usapite kozama," anatero amayi.

Esha anathamanga. Anathamanga mpaka kudoko. Atafika, anaima.

Pamchenga panali nsomba. Panali utaka. Panali kampango. Panali nsomba zazikulu. Panali nsomba zazing'ono. Zonse zinali zakufa.

Anthu anali atadzaza padoko. Ena ankalira. Ena anagwira m'chiuno. Aliyense ankafunsa funso limodzi.

"Chapha nsomba n'chiyani?"

Pakati pa anthu panali Che Abdallah. Che Abdallah anali msodzi wa maboti awiri. Anali ndi mawu aakulu. Akalankhula, doko lonse linkamva.

Che Abdallah anayang'ana Esha. Anayang'ana manja ake ofiira.

"Taonani manja a mwana uyu!" anafuula. "Ndi utoto! Amake amataya utoto m'nyanja. Utoto ndiwo wapha nsomba zathu!"

Anthu onse anatembenuka. Onse anayang'ana manja a Esha.

Esha anabisa manja kumbuyo.

"Si zoona!" anatero Esha. "Amayi sataya utoto m'nyanja. Amataya m'dzenje kuseri kwa nyumba."

"Chete iwe!" anatero Che Abdallah. "Mwana ngati iwe udziwa chiyani?"

"Koma si zoona!"

Palibe anamumva. Anthu ankalankhula onse pamodzi.

"Ndi utoto ndithu."

"Eee, ndi utoto."

"Ifenso timawakayikira kale."

Che Abdallah anakweza chala. "Ukawauze amako," anatero. "Mawa tibwera. Titenga utoto wonse. Tikaukwirira kutchire."

Esha sanasambire. Anabwerera kunyumba. Ankaponda pansi mwamphamvu. Di! Di! Di!

Panjira anakumana ndi mnzake Zahra.

"Zahra, wamva bodza limenelo?" anafunsa Esha.

Zahra anayang'ana pansi. "Amayi andiletsa kusewera nawe," anatero. Kenako anathawa.

Esha anafika pakhomo. Anapeza a Dailes, mayi a nyumba yoyandikana. A Dailes anabweretsa nsalu yoyera dzulo lake. Lero anali akuitenga.

"Mundipatse nsalu yanga," anatero a Dailes. "Sindikufunanso kunyika."

Amayi anapereka nsaluyo ndi manja awiri. Sanayankhe kanthu.

Masana kunabwera munthu wina. Anatenga nsalu yake. Kunabweranso wina. Anatenga nsalu yake. Pachingwe panatsala nsalu imodzi yokha.

Amayi anakhala pakhonde.

"Amayi, bwanji simukuwayankha?" anafunsa Esha.

"Anthu ali ndi chisoni, mwanawe," anatero amayi. "Nsomba ndiye moyo wawo."

"Koma si inu munapha nsomba!"

"Si ine."

"Nanga akutinenera chiyani?"

"Sakudziwa chomwe chachitika. Ndiye akufuna woti amuloze chala."

"Si chilungamo!" anatero Esha. "Si chilungamo ngakhale pang'ono!"

Amayi anamusisita pamutu. Koma mkwiyo wa Esha sunathe. Anadya ali wokwiya. Anagona ali wokwiya. Anadzuka ali wokwiya.

M'mawa Esha anapitanso kunyanja. Anakwiyira anthu. Anakwiyira nsomba. Anakwiyira nyanja imene.

"Iwe nyanja, nena!" anatero Esha. "Wapha nsomba ndani?"

Esha anamenya madzi ndi phazi. Phwa!

"Mayo!" Anadumphira kumtunda.

Madzi anali ozizira. Anali ozizira kwambiri. Esha ankasambira pano chikhalire. Madzi a pano sanazizirepo chonchi.

Esha anawerama. Ananunkhiza madziwo. Anali ndi kafungo kachilendo.

Pomwepo anamva injini. Boti loyera linafika padoko. Munatsika mayi wovala chipewa chachikulu. Ananyamula chingwe chachitali. Ananyamulanso bokosi la mabotolo.

Esha anapinda manja pachifuwa.

"Kodi inunso mwabwera kudzanena amayi anga?" anafunsa.

"Ayi, mwanawe," anatero mayiyo. "Ine ndine Salome. Ntchito yanga ndi kuyeza madzi a m'nyanja. Amayi ako atani?"

Esha anafotokoza zonse. Ananena za utoto. Ananena za Che Abdallah. Ananena za nsalu. Anaonetsa manja ake ofiira.

A Salome anamvetsera mpaka kumapeto.

"Utoto wa amayi ako ndi wochuluka bwanji?" anafunsa.

"Mabeseni atatu."

"Dzulo ndinali ku Chipoka," anatero a Salome. "Nakonso nsomba zafa. Kodi mabeseni atatu angafike ku Chipoka?"

"Ayi!" anatero Esha. "N'kutali!"

"N'kutali ndithu. Nanga iwe waona chiyani lero?"

"Madzi azizira, anti. Ndiponso akununkha."

A Salome anamwetulira. "Iwe uli ndi maso. Uli ndi mphuno. Bwera ndikuonetse."

A Salome anagwada pamchenga wonyowa. Anaika manja onse awiri pansi. Anakokera dzanja lina uku. Anakokera lina uko. Mchenga unang'ambika pakati.

"Kalekale nthaka ya kuno inachita chonchi," anatero. "Inang'ambika pang'onopang'ono. Pakati panatsika. Panakhala chigwa chozama. Madzi anadzaza m'chigwamo. Ndiye nyanja yathuyi."

"Ndi yozama bwanji?" anafunsa Esha.

"Ganiza mtengo wa mlambe. Ika wina pamwamba pake. Ikanso wina. Ika milambe makumi atatu. Pamalo ena, yonseyo ikhoza kumira."

Esha anatong'ola maso.

A Salome anatsegula bokosi. Anatulutsa mabotolo awiri.

"Lero m'mawa tinapita kutali, pakati pa nyanja," anatero. "Madzi awa ndinatunga pamwamba. Madzi awa ndinatunga pansi penipeni, ndi chingwe ichi. Tagwira."

Esha anagwira botolo loyamba. Silinazizire kwenikweni. Anagwira lachiwiri. Linali lozizira.

"Tsegula lachiwirilo. Nunkhiza."

Esha anatsegula. Ananunkhiza.

"Phuu! Mazira owola!"

A Salome anaseka. "Ndiwo madzi a pansi amenewo. Ndi ozizira. Ndi onunkha. Ndipo mulibe mpweya."

"M'madzi mumakhala mpweya?"

"Eya. Iwe umapuma mpweya wa kunja. Nsomba zimapuma mpweya wa m'madzi. Madzi a pamwamba ali ndi mpweya wambiri. Madzi a pansi penipeni alibe."

"Nanga bwanji sasakanikirana?"

"Madzi ofunda ndi opepuka. Amakhala pamwamba. Madzi ozizira ndi olemera. Amakhala pansi. Aliwonse amakhala pamalo pake."

Esha anaganiza. Anayang'ana mapazi ake ozizira. Anayang'ana nyanja.

"Koma lero madzi ozizira ali pano," anatero. "Afika bwanji?"

"Kunali chiyani sabata ino?" anafunsa a Salome.

"Mwera!"

"Mwera umakankha chiyani?"

"Mafunde. Madzi a pamwamba." Esha anaima kaye. Kenako anadumpha. "Mwera unakankha madzi a pamwamba! Anapita uko! Ndiye madzi a pansi anakwera!"

"Ndiye nsomba?"

"Zinasowa mpweya! Anti, si amayi! Ndi mwera!"

"Wakhoza," anatero a Salome. "Sizichitika kawirikawiri. Koma zimachitika. Ngakhale m'nyanja zikuluzikulu za mchere, mphepo imakweza madzi a pansi."

Esha anasangalala. Koma kusangalala kwake kunali kwa kanthawi. Nkhope yake inachitanso tsinya.

"Dzulo ndinawauza zoona," anatero. "Anati chete iwe. Leronso anena chete iwe."

"Ndiye titani?"

Esha anayang'ana m'boti. Munali chidebe chachitali choonekera mkati. Munalinso ayezi.

"Anti, tisawauze," anatero Esha. "Tiwaonetse. Utoto ulipo kunyumba."

Esha ananyamula chidebe. A Salome ananyamula ayezi ndi botolo lonunkha lija. Anayenda mofulumira.

Atafika, anapeza anthu ali kale pakhomo. Panali asodzi. Panali amayi ogulitsa nsomba. Panali a Dailes. Panali Zahra. Kutsogolo kunali Che Abdallah. Anali atagwira kale beseni la utoto wofiira.

Amayi anaima pakhomo. Misozi inali m'maso.

"Siyani beseni la amayi!" anafuula Esha.

"Esha, ulemu," anatero amayi.

Esha anatsitsa mawu. Anagwada pang'ono.

"Che Abdallah, chonde siyani beseni la amayi," anatero. "Ndikufuna ndikuonetseni kanthu."

"Iwe wayambanso?" anatero Che Abdallah.

"Bambo, mpatseni mpata," anatero a Salome. "Ine ndimayeza madzi a m'nyanja. Mwanayu wapeza chomwe chapha nsomba."

Anthu anayang'anana. Che Abdallah anaika beseni pansi.

Esha anaika chidebe pamtondo wogadabuza. Anathira madzi m'ndowa. Anaponyamo ayezi. Anadonthezamo utoto wabuluu. Kenako anathira madziwo m'chidebe.

"Awa ndi madzi a pansi pa nyanja," anatero Esha. "Ndi ozizira. Alibe mpweya."

Amayi anabweretsa madzi ofunda m'ketulo. Esha anadonthezamo utoto wofiira. Anathira pang'onopang'ono. Anathira mosamala, m'mphepete mwa chidebe.

"Awa ndi madzi a pamwamba," anatero. "Ndi ofunda. Ali ndi mpweya. Nsomba zimakhala umu."

Anthu anasendera pafupi.

Madzi ofiira anakhala pamwamba. Madzi abuluu anakhala pansi. Sanasakanikirane.

"Aa! Taonani!" anatero a Dailes.

"Tsopano tikufuna mwera," anatero Esha. Anayang'ana Che Abdallah. "Che Abdallah, inu muli ndi chifuwa chachikulu. Khalani mwera. Uzirani pamwamba pa madziwa."

Anthu ena anaseka. Che Abdallah anachita tsinya.

"Ine ndiuzire m'chidebe ngati mwana?"

"Uzirani, Che Abdallah!" anatero asodzi anzawo. "Tione!"

Che Abdallah anawerama. Anakoka mpweya. Anauzira.

Fuuu!

Madzi ofiira anagwedezeka.

"Mwera unawomba masiku anayi," anatero Esha. "Uziraninso."

Fuuuu!

"Uziraninso."

Fuuuuu!

Masaya a Che Abdallah anatupa. Madzi ofiira anathawira kumapeto kwa chidebe. Ndipo pafupi ndi pakamwa pawo, madzi abuluu anayamba kukwera. Anakwera. Anakwera. Anafika pamwamba.

"Akwera!" anafuula Zahra. "Abuluu akwera!"

"Ndi zomwe mwera unachita," anatero Esha. "Unakankha madzi a pamwamba. Madzi a pansi anakwera. Nsomba zinasowa mpweya. Pitani kudoko. Pondani m'madzi. Muona kuzizira kwake."

Msodzi wina anagwedeza mutu. "N'zoona," anatero. "Ndaponda m'mawa uno. Mapazi anachita dzanzi."

A Salome anatsegula botolo lija. Analipereka kwa Che Abdallah. Che Abdallah ananunkhiza. Anatseka mphuno.

"Fungo lomweli ndalimva padoko," anatero motsitsa mawu.

"Ku Chipoka nakonso nsomba zafa," anatero a Salome. "Kumeneko kulibe utoto wa mayi awa."

"Nanga nsomba zatheratu?" anafunsa a Dailes.

"Ayi, mayi. Nyanja ndi yaikulu. Zambiri zili moyo. Madzi ozizira abwerera pansi. Koma nsomba zakufazi musadye. Muzikwirire."

Mitima ya anthu inakhala pansi. Anayamba kulankhulana. Ena anayamba kuchoka.

Che Abdallah anapukuta pakamwa. "Mm, chabwino," anatero. "Tamva." Anatembenuka kuti azipita.

Esha anatsegula pakamwa. Azipita basi? Chonchi?

Anathamanga. Anaima kutsogolo kwawo. Anagwada pang'ono.

"Che Abdallah," anatero Esha. "Munanena amayi pamaso pa anthu onse. Amayi analira. Anthu anatenga nsalu zawo. Mnzanga anandithawa. Ndiye mungopita?"



Che Abdallah anayang'ana Esha. Anayang'ana amayi. Anayang'ana chingwe cha nsalu imodzi chija. Anakanda kumutu.

Kenako anabwerera. Anaima pamaso pa amayi. Anaika dzanja pachifuwa.

"Amake Esha, ndinalakwa," anatero. Anatero ndi mawu awo aakulu aja. Anthu onse anamva. "Ndinali ndi mantha. Ndinalankhula zomwe sindinaone. Mundikhululukire."

"Palibe kanthu, Che Abdallah," anatero amayi. "Ndakhululuka."

"Nawenso mwanawe," anatero Che Abdallah. "Ndinati udziwa chiyani. Lero wandiphunzitsa."

Ananyamula beseni lija. Analibwezera pamalo pake.

A Dailes anapita kwawo. Anabwera ndi nsalu yawo yoyera.

"Pepani, anzanga," anatero. "Muinyike yabuluu."

Zahra anasendera pafupi ndi Esha. "Ndiuzireko nanenso?" anafunsa.

Esha anamuyang'ana m'mbali.

"Dzulo unandithawa," anatero.

"Pepa."

"Chabwino. Koma ndithira madzi ndine."

A Salome anatsazika. Anapatsa Esha botolo lija ndi chidebe chija.

"Sunga," anatero. "Ukawaonetse anzako kusukulu."

Esha anatseka botolo mwamphamvu. Analiika patebulo m'nyumba.

Masana kunafika bambo ake a Esha, a Omari. A Omari ankasoka zovala ku Salima kuboma. Ankabwera kunyumba sabata ikatha. Anatsika minibasi kumsewu. Anayenda ulendo wonse padzuwa.

"Asalamu aleikumu!" anatero pakhomo.

"Waleikumu salamu!" anayankha amayi ndi Esha.

"Ludzu!" anatero bambo. "Ludzu landipha!"

Anaona botolo patebulo. Analitenga.

"Ababa, ayi!" anafuula Esha.

Koma bambo anali atatsegula kale. Botolo linafika pamphuno.

"Phuu!" Bambo anadumpha. Anatambasula dzanja kutali. "Ndani waika mazira owola m'madzi?"

Esha anaseka. Amayi anaseka mpaka kukhala pansi.

"Mukuseka chiyani?" anafunsa bambo. "Madzi amenewa achokera kuti?"

Amayi anapukuta misozi ya kuseka. Anatunga madzi abwino mumtsuko. Anapatsa bambo.

"Imwani kaye," anatero amayi. "Kenako mufunse mwana wanu."

Esha anakoka mpando. Anakhazika bambo pansi. Anabweretsa chidebe chija.

"Ababa, khalani apa," anatero. "Inu mukhala mwera."